Katatu ku Blantyre chifukwa cha kabuku ka masamba 12

Ndimaphunzitsa Sitandade 2, ndipo mabuku a nthano m'kalasi mwanga ndi owerengeka. Nditapeza kabuku kokoma kachingerezi, ndinakamasulira usiku ndikuunikira ndi tochi ya foni. Ahedi atakaona anati, "Aphunzitsi, musanapite nako ku fotokope, kapempheni chilolezo kwa eni ake."

Ku ofesi ya kampani ina yosindikiza mabuku ndinapitako katatu. Ulendo woyamba, bwana wake anali kumaliro. Wachiwiri anati kalata yanga ilibe chidindo cha sukulu. Wachitatu ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko, m'mimba muli chikondamoyo chimodzi, n'kungouzidwa kuti zithunzizo si zawo, mwini wake ali kunja. Bwanji osanena tsiku loyamba lija? Ndalama ya minibasiyo ndikanagulira mapepala.

Amene anandipulumutsa ndi mnzanga wa ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'dera timakumanako pochita maphunziro. Anandionetsa masamba a pa intaneti a African Storybook ndi StoryWeaver, komwe nthano zili ndi chilolezo cha Creative Commons (CC), chomwe eni ake amaperekeratu kwa aliyense. Mukaona CC BY, masulirani, sinthani, sindikizani, bola mutchule wolemba, wojambula, chilolezocho, komanso kuti mwamasulira. Palibenso kupempha munthu.

Koma yang'anani zilembo zotsatira BY musanagwire cholembera. ND ikutanthauza kuti zomwe mwasintha simungazigawe, ndipo kumasulira nakonso ndi kusintha. Ine ndinagwa nayo pa nthano ina yomwe ndinaitenga pamalo ena, Loweruka lathunthu linapita pachabe. NC ndiye kuti osachitira malonda. SA imafuna kuti zanuzo muzitulutse ndi chilolezo chomwecho.

Ndaiwala kunena, mayi wina wa pakauntala ku kampani ija anandilangiza kuti ndingotenga nthano zakale poti "zilibe mwini". N'zoona pang'ono: lamulo lathu la 2016 limateteza buku moyo wonse wa wolemba ndi zaka 50 atamwalira, kenako aliyense akhoza kuligwiritsa ntchito. Koma ngati wina analimasulira posachedwa kapena kulijambulira zithunzi zatsopano, zimenezo zili ndi eni ake. Za fotokope ya mabuku otetezedwa, kafunseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za olemba ndi aluso ena m'Malawi.

Timabuku tathu tinatuluka sabata yatha, tomanga ndi sitepula, mayina onse ali patsamba lomaliza. Kabuku koyamba kaja kakadali m'diroo. Ndiye ndibwerezenso, onani kaye ngati pali ND.