Zikomo kwa onse amene munatithandiza kusaka magulu a nyenyezi obisika m'fumbi

Abale ndi alongo a kuno ku Joni, ntchito ya kagulu kathu ka ophunzira zakuthambo yatha. Tapezanso tokha magulu awiri a nyenyezi, RSGC1 ndi Stephenson 2, mu deta ya 2MASS, kafukufuku amene anajambula thambo lonse mu infrared, kuwala kosaoneka ndi maso. Tikuthokoza akuluakulu a mpingo ku Rosettenville potipatsa holo, achimwene amene anatibwereka malaputopu ndi inveta magetsi akathima, ndi amayi amene sanalole kuti tiwerenge ndi njala.

Ambiri munafunsa kuti chinthu chosaoneka timachipeza bwanji. Magulu awiriwa ali cha ku Scutum, chigawo china cha thambo, ndipo kuwala kwawo kumayenda zaka pafupifupi 20,000 kuti kutifike. Fumbi la m'njira limachepetsa kuwala kooneka ndi maso kwa RSGC1 ndi ma magnitude (muyezo wa kuwala kwa nyenyezi) pafupifupi 25, kutanthauza kuti pa magawo 10 biliyoni limadutsa limodzi. Mu infrared, pa ma micron 2.2 (muyezo wa kutalika kwa funde la kuwala), kuchepako sikufika ma magnitude 3.

Amene amaulula gululo ndi ma red supergiant, nyenyezi zofiira zofufuma ngati Antares, zolemera ka 8 mpaka ka 25 kuposa dzuwa. Mu infrared zimawala kuposa zinzake zonse, ndipo sizikhalitsa pa msinkhu umenewu. Ndiye mukazipeza zoposa 10 pamalo amodzi, pamenepo pali gulu lolemera ngati madzuwa masauzande makumi angapo. RSGC1, imene katswiri wa zakuthambo Figer ndi anzake analengeza mu 2006, ili nazo zoposa 10. Stephenson 2 ili nazo 26.

Kachitidwe kake: tengani miyezo ya J, H ndi Ks (kuwala kwa nyenyezi m'magawo atatu a infrared), mujambule Ks molingana ndi J−Ks (kusiyana kumene kumasonyeza kufiira kwa nyenyezi), mufunefune kamulu ka nyenyezi zowala kwambiri zofiira mofanana.

Apa m'pamene ambiri amagwa. Ma red giant wamba a pafupi, ndi nyenyezi za AGB (zonsezi ndi zofiira zofufuma koma zopepuka kuposa ma supergiant), zimalowerera pa chithunzicho n'kumaoneka ngati za m'gulu. Mtundu wokha sukwanira. Pamafunika spectrum, kuwala kogawidwa m'mitundu yake: mzere wa mpweya wa CO (carbon monoxide) wa pa ma micron 2.29 umazama kwambiri mwa ma supergiant, ndipo za gulu limodzi zimayenda pa liwiro lofanana, la RSGC1 ndi pafupifupi makilomita 120 pa sekondi. Ife apa tinadalira miyezo yofalitsidwa kale.

Chotsatira ndi RSGC3, gulu lina lotere. Laputopu iliyonse imene imatha kutsegula pulogalamu ya Python itithandiza. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.