Zikomo nonse, shawa za kunyumba ya alendo sizikuwotchanso

Abale ndi alongo a mumpingo kuno ku Kasungu, ntchito yosintha ma mixer (zosakanizira madzi otentha ndi ozizira) a m'khoma m'mabafa anayi a nyumba yathu ya alendo yatha. Ife a komiti ya zomangamanga tikuthokoza nonse amene munasonkha, amayi amene ankaphikira amisiri, ndi achinyamata amene anatuta zidutswa za matailosi.

Vuto lija mukulidziwa. Mwezi wa Okutobala giza ya dzuwa imatenthetsa madzi osakhudzika, ndipo mixer yakale inkangosakaniza monga mwaitembenuzira. Wina akatsegula mpopi kukhitchini, ozizira ankachepa, wosamba n'kuthiridwa otentha okhaokha. Madzi a madigiri 60 amasupula khungu la mwana m'masekondi ochepa chabe. Tsopano taika thermostatic valve, yomwe imasunga kutentha kwa madzi pa muyeso umodzi. Ili ndi kachipangizo ka phula mkati: madzi akapyola muyeso, phulalo limafufuma n'kuchepetsa njira ya otentha. Ozizira akadukiratu, shawa imadzitseka.

Ndalama zanu zambiri zakwiririka m'khoma, n'chifukwa chake tikulongosola, makamaka kwa amene mwati mukufuna kuchita chimodzimodzi kwanu.

Musanagule valve, yambani mwaona mphamvu ya madzi. Thanki yokwera mamita 10 pamwamba pa shawa imapereka pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi), ya mamita 4 sifika n'komwe theka, pomwe ma valve ambiri amafuna theka la bar kapena kuposerapo. Chachikulu n'chakuti otentha ndi ozizira azibwera ndi mphamvu yofanana. Kunyumbaku otentha ankatsika okha kuchokera padenga, ozizira n'kumachokera ku paipi yaikulu, ndiye amphamvuwo ankakankhira anzawo m'mbuyo. Amisiri analumikiza mbali zonse ziwiri ku thanki imodzi, n'kuika non-return valve (yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo) ndi kasefa pa mbali iliyonse. Popanda zimenezi, valve yodula bwanji siingathandize.

Pogumula anadula ndi gulayinda m'mizere ya pakati pa matailosi, anayi okha pa bafa. Otentha alowe kumanzere, ozizira kumanja. Mukasinthanitsa, shawa imangotulutsa otentha kwambiri kapena ozizira okhaokha. Kuya kwa valve m'khoma kuwerengedwe mpaka pamwamba pa tailosi, osati pa pulasitala. Pa chophimba chake cha pulasitiki pali mizere iwiri, nkhope ya tailosi igwere pakati pake. Valve ikalowetsa, chogwirira sichifika.

Apa ndi pomwe amisiri athu tawavulira chipewa. Asanalowetse cartridge, chipangizo cha mkati mwa valve chokhala ndi phula lija, anatsegula madzi m'mapaipi mpaka atayera, ndipo mu ndowa munatsalira mchenga, tizidutswa ta simenti ndi nyenyeswa za thread tape (tepi yokulunga polumikiza mapaipi). Kanyenyeswa kamodzi kokha kamakanirira cartridge yatsopano. Kenako anasiya khoma lili chitsegukire usiku wonse, madzi ali m'mapaipi, atayala nyuzipepala youma pansi pa mfundo iliyonse. M'mawa bafa lachitatu linapezeka ndi kadontho, anakonza asanamate.

Pomaliza anayeza ndi thermometer, n'kukhazika chogwirira kuti batani lachitetezo liziima pa madigiri 38. Atatseka ozizira dala, shawa zonse zinayi zinaleka kutuluka nthawi yomweyo.

Abambo osamalira nyumbayi, tikukupemphani kuti muzitsuka masefa aja miyezi 6 iliyonse, ndipo mwezi uliwonse muzitembenuza chogwirira mbali zonse kuti laimu asachiumitse. Mulungu akudalitseni nonse, ndipo abwezere pomwe mwachotsa.