Kapinga akayamba mawanga, yambani mwaona dothi

Mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale, makomo ambiri kapinga amayamba mawanga ozungulira abulauni ngati wina wakhuthulirapo madzi owira. Nthawi zambiri ameneyo ndi fangasi, makamaka uja amati Rhizoctonia solani, amakonda kukatentha komanso udzu ukamagona uli wonyowa. Ndiye anthu amangothamangira ku shopu kukagula Dithane yomwe ija timapopera tomato, ayi imathandiza ndithu sindikukana, koma dothi likakhala lomwelo matendawo amabweranso basi.

Zimandiwawa kwambiri ndi za urea. Urea ali ndi naitrojeni 46 peresenti, ndiye munthu amamwaza wambirimbiri mvula ili mkati kuti pakhomo pabiriwire msanga, udzu umakuladi koma umakhala wanthete, wamadzimadzi, fangasi amaulowa mosavuta. Bola kuthira pang'onopang'ono, kangapo.

Dothi likalimba chifukwa chopondedwa, pamene ana amamenyera mpira kapena poimika galimoto, madzi amangodikha pamwamba mizu osapuma. Tengani foloko ya m'dimba, bayani mabowo akuya masentimita 10 kapena 15 malo onsewo, kenako mwazani mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa owola bwino, kuusesera m'mabowomo. Owoladi ndikunena, zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha udzu. Ena ku Lilongwe amayala zotsalira za fodya, fungo lake ndi lomwelo koma zikawola dothi limafewa.

Za laimu, uja amachepetsa asidi m'dothi, musangothira poti mwamva kwa aneba. Kapinga amakondwa pH, muyeso wa asidi m'dothi, ikakhala pakati pa 6 ndi 7, ndipo madera a mvula yambiri ngati Mulanje ndi Thyolo dothi limakhala la asidi, koma tengani kaye dothi lanulo akaliyeze kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze kapena ku Bvumbwe.

M'chilimwe thirirani m'mamawa osati madzulo, chonde, komanso mokhathamiza kawiri pa sabata kusiyana ndi kuwaza tsiku lililonse. Potchetcha musamete mpaka dothi kuonekera, ndipo chikwakwa kapena makinawo akhale akuthwa chifukwa tsamba long'ambika ndi pomwe matenda amalowera. Udzu wotchetchedwa pamalo odwala muwole mukataye kutali.

Komanso musanapope chilichonse fukulani kaye pa wangalo, nthawi zina si fangasi ayi, ndi chiswe kapena mbozi zoyera zija zikudya mizu pansi.