Lachitatu: atelala, mwana wa zaka 3 ndi agogo oti maso abwerera

Lero kusitolo yathu yoyeza maso mtawuni muno mu Johannesburg, anthu atatu afunsa chinthu chimodzi: kodi vuto losaona bwino pafupi limatha?

Oyamba anali bambo a zaka 47, atelala ku Mayfair. Ulusi sukulowanso pasingano, meseji ya pafoni akuwerenga atatambasula mkono wonse. Awa ndi msinkhu basi. Kagalasi ka mkati mwa diso kamauma pang'onopang'ono, vutolo n'kuonekera munthu akapitirira zaka 40, ndipo sikafewanso, kaya adye karoti wochuluka bwanji. Tawayeza pa mtunda umene amasokera, masentimita 40, n'kuwapatsa mandala a +1.50, nambala yosonyeza mphamvu ya mandalawo. Ndawauziratu kuti nambala idzakwera mpaka cha m'ma +2.50 akamafika zaka 60, asadzati mandala awaononga maso. Ikanakwerabe ngakhale osavala.

Anafunsa za mandala a pamsewu aja. Amathandiza ngati maso onse ali ofanana, chifukwa mphamvu yake ndi imodzi mbali zonse. Maso akasiyana, kapena pakati pa galasi pakapanda kulunjika pa mwana wa diso, madzulo mutu waukulu.

Amene watitengera nthawi ndi mwana wa zaka 3. Mayi ake anaona kuti diso lakumanzere limathawira kumphuno akamayang'ana chidole. Apa ndiye pali vuto lobadwa nalo: diso ndi lalifupi, choncho kuwala kumakakumana kuseri kwa kansalu ka kumbuyo kwa diso kotchedwa retina, osati pamwamba pake. Kagalasi ka mwana ndi kofewa, kamadzikakamiza n'kubisa vutolo, ndipo kudzikakamizako ndi kumene kumakokera diso mkati. N'chifukwa chake timayamba tadontheza mankhwala a cyclopentolate n'kudikira mphindi 30 mpaka 40 kuti minofu ipume. Nambala yeniyeni inatuluka +5.00.

“Mayi, mandala awa avale tsiku lonse, osati posewera pokha kapena pa Sabata,” ndinatero. Ubongo ukazolowera kunyalanyaza diso lopotokalo limakhala laulesi, ndipo mwana akapitirira zaka 7 kapena 8 kulidzutsa n'kovuta. Ana ambiri amabadwa ndi nambala yaing'ono ya pulasi imene imachepa diso likamakula, koma +5.00 si yodikira. Tawalembera kalata ya ku St John Eye Hospital ku Baragwanath. Zothira mkaka wa m'mawere kapena zitsamba m'maso ndawaletsa.

Nanga leza, opareshoni yokonza maso ndi kuwala kwamphamvu, ingathetse vutoli? Anthu amazimva ngati zozizwitsa. Imasema khungu loonekera la kutsogolo kwa diso kuti litumphuke pakati. Imafuna munthu wa zaka 18 kupita m'mwamba, amene nambala yake yakhala chaka osasintha, ndipo imayenda bwino pa nambala zosapitirira +4.00. Kwa ena nambala imabwererako pang'ono, komanso siletsa kagalasi ka mkati kuuma.

Cha m'ma 4 koloko kunabwera agogo a zaka 71 ali mwetumwetu, akuti Baibulo akuwerenganso opanda mandala. Zikatere ife timada nkhawa. Ng'ala ikamayamba pakati pa kagalasi imasintha mphamvu yake, pafupi n'kumaoneka kwa kanthawi pamene patali pakuchita chifunga. Shuga wosakhazikika nayenso amasinthasintha nambala. Tinapeza ng'ala maso onse. Tawapempha akayezetse kaye shuga kukiliniki, kenako akaonane ndi dokotala wa maso za opareshoni yoika kagalasi katsopano.