Chitseko, mbatata ndi sikelo: zomwe ndikutola m'mafilimu a ojambula paokha

Teremu ino tikuphunzira za anthu ojambula mafilimu paokha a m'mayiko olankhula Chifalansa: France, Belgium, chigawo cha Québec ku Canada, komanso Senegal, Burkina Faso ndi DR Congo. Awa ndi anthu opanda kampani yaikulu yowaikira kumbuyo, ndipo ambiri a iwo amalemba okha nkhani n'kukayenda okha kofunafuna ndalama. Pa ndandanda ya maphunziro, timafilimu tanthabwala tatifupi tili patsamba lake, mafilimu a zochitika zenizeni alinso patsamba lawo. Koma pamene ndikuonera ndikuona kuti ntchito yake ndi imodzi. Onsewa amayambira pa chinthu chogwirika, choti munthu n'kuchinyamula, ndipo nkhani ya umphawi, ndale kapena matenda imachita kubwera pambuyo pa chinthucho.

Filimu yomwe yandikhala kwambiri m'mutu ndi Le Franc, ya Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal, ya mu 1994. Ndi ya mphindi pafupifupi 45 ndipo anthu ake amalankhula Chiwolof, chifukwa "olankhula Chifalansa" ambiri a mu Africa muno Chifalansacho chimathera mu ofesi. Marigo ndi woimba wosauka wa mumzinda wa Dakar. Mayi mwini nyumba amulanda congoma yake, chida choimbira chonga sansi yaikulu, chifukwa cha ngongole ya lendi. Marigo agula tikiti ya lotale, ndipo poopa kuti ingatayike aimata ndi guluu pachitseko cha chipinda chake. Tikiti ija ipambana. Kuti aimatule, ing'ambika. Ndiye azula chitseko chonse, achisenza pamutu, akwera nacho padenga la basi, adutsa nacho m'zinyalala ndi m'misewu ya mzindawo mpaka ku ofesi ya lotale. Kumeneko amuuza kuti nambala yofunikayo ili kuseri kwa tikiti, mbali yomwe ili ndi guluu. Anyamulanso chitseko chake ulendo wa kunyanja kuti mafunde akamuthandize kumatula.

Munthu umaseka mpaka nthiti kuwawa, chifukwa Marigo ndi wamtali, wowonda, ndipo chitseko chikumupepesula uku ndi uku. Koma taonani chaka chake. Mu Januwale 1994 ndalama ya CFA, yomwe amagwiritsa ntchito ku Senegal ndi mayiko ena a mu Africa, inagwetsedwa mphamvu ndi theka: faranki imodzi ya ku France, yomwe inkasinthidwa ndi ma CFA 50, inayamba kusinthidwa ndi 100. Amene tinaona mitengo ya sopo ndi mafuta ophikira itasokonekera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sitifunika kutiuza zambiri. Mambéty sanaitane katswiri wa zachuma kuti adzalankhule pa kamera. Anangotionetsa munthu amene chuma chake chili m'manja koma sangachidye, ndipo kuti akachipeze wasiya nyumba yake ili pululu, yopanda chitseko. Mambéty anamwalira mu 1998 asanamalize mafilimu atatu omwe ankafuna kujambula onena za anthu wamba. Yachiwiri, ya kamtsikana koyenda ndi ndodo kogulitsa nyuzipepala, inatuluka iye atapita kale.

Njira imeneyi si yachilendo ku Senegal. Borom Sarret ya Ousmane Sembène, ya mu 1963, ndi ya mphindi zosapitirira 20, ndipo yonse yatsamira pa ngolo ya hatchi yomwe wapolisi alanda mwini wake atalowa nayo m'dera la anthu olemera. Kale pang'ono zimenezi zinali zosatheka n'komwe: lamulo la mu 1934, lodziwika ndi dzina la Laval, linkaletsa kujambula filimu m'mayiko a mu Africa olamulidwa ndi France popanda chilolezo, mwakuti Paulin Vieyra ndi anzake a mu Africa filimu yawo ya mu 1955 anakaijambulira ku Paris.

Fanta Régina Nacro wa ku Burkina Faso anatenga chinthu chovuta kuchitchula pagulu. Mu Le Truc de Konaté, ya mu 1998, mayi abwera kuchokera kutauni atatengera mwamuna wake mphatso ya makondomu. Bambo Konaté akalipa. Mayi nawo akaniratu: popanda chimenechi, kuchipinda kulibe nkhani. Posakhalitsa bamboyo apezeka kuti mphamvu zamuthera, ndipo sing'anga amuuza kuti mankhwala ake n'kukapeza mtengo umene chinthucho chimachokera. Ayamba ulendo wofunafuna mtengo wa labala. Nkhani ya Edzi ili monsemo, koma womvetsa chisoni ndi woseketsa ndi mwamuna wodzikuza yemwe wagwidwa pakhosi ndi mkazi wake, osati wodwala ali gone pamphasa.

Apa ndiye pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena m'kalasi. Iwo amati filimu ya Nacro ndi uthenga wa zaumoyo womwewo, wangovekedwa nthabwala. Ine ndikuti ayi. Masewero ambiri a mauthenga omwe tinakulira amayamba ndi yankho: pamapeto pamabwera mlangizi wovala bwino n'kuwaunikira anthu a m'mudzi. Nacro wayamba ndi funso la m'nyumba, loti m'banjamo amalamula ndani, ndipo woonera amatsatira Konaté chifukwa akufuna adziwe ngati mtengowo aupeze. Atachotsamo uthengawo, filimuyo ingakhalebe yokoma kuonera. Ambiri mwa masewero aja, mutachotsamo uthenga, simutsala kanthu.

Kumbali ya zochitika zenizeni, Agnès Varda ndiye wandiphunzitsa zambiri. Anabadwira ku Brussels mu 1928, anamwalira mu 2019, ndipo mafilimu ake ambiri ankawapanga kudzera m'kakampani kake, Ciné-Tamaris. Ali ndi zaka zoposa 70 anatenga kakamera kam'manja n'kuzungulira dziko la France kujambula anthu okunkha. Filimuyo, Les Glaneurs et la glaneuse, inatuluka mu 2000. Chinthu chake chogwirika ndi mbatata ya kachewere. Alimi akuluakulu amataya milu ya mbatata yabwinobwino chifukwa yakula kwambiri, yachepa kwambiri kapena yatemeka pokumba, ndipo masitolo saifuna. Anthu osauka amabwera ndi matumba kudzatola. Varda nayenso atola, asankha zooneka ngati mtima, apita nazo kwawo n'kuzijambula zili patebulo.

Ziwiri zandigwira mtima m'menemo. Choyamba, loya wovala mkanjo wake wakuda wa kukhoti waima pakati pa munda, buku lofiira la malamulo lili m'manja, akufotokoza kuti kukunkha n'kololedwa mwini munda akamaliza kukolola, kuyambira dzuwa litatuluka mpaka kulowa. Mfundo yake ndi yoona, koma chithunzicho n'choseketsa, ndipo chifukwa cha kusekako lamulolo suliiwala. Chachiwiri ndi bambo wina yemwe Varda amupeza pamsika ku Paris akudya masamba otayidwa. Ukamuona koyamba umangoti ndi wosokonekera. Varda sathamangira kumuweruza, amutsatira, ndipo tipeza kuti ndi munthu wophunzira kwambiri za sayansi ya zamoyo, ndipo madzulo amaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba Chifalansa kwaulere kwa anthu obwera kuchokera kumayiko ena, ambiri a ku Africa. Pena Varda anaiwala kuzimitsa kamera, chivindikiro cha diso la kamera chikulendewera n'kumavina. Iye sanadule, anachiikira nyimbo. Aphunzitsi athu akanationa ife titachita zimenezo, bwenzi atatichotsera malikisi.

Dieudo Hamadi wa ku Kisangani, ku DR Congo, anayamba waphunzira zaudokotala asanagwire kamera. Mu Examen d'État, ya mu 2014, akutsatira ophunzira a sekondale omwe athamangitsidwa m'kalasi chifukwa sanalipire ndalama ya aphunzitsi, mayeso a boma ali pafupi. Anawo asonkherana, achita lendi nyumba yosamalizidwa n'kumaphunzitsana okha. Zolembera zawo zikupita kwa abusa kukapemphereredwa, ena akukasamba mankhwala, ena akusakasaka mayankho obedwa. Palibe mawu a wofotokoza, palibe woti atiuze kuti maphunziro a ku Congo ali pamavuto. Hamadi amangokhala nawo m'nyumbamo mpaka aiwale kuti pali kamera. Luso limeneli lili ndi kwawo: ku Québec, Michel Brault ndi anzake anayamba kuyenda ndi kamera paphewa pakati pa anthu cha m'ma 1958, ndipo Jean Rouch, wojambula mafilimu wa ku France, anamuitanira ku Paris kuti akathandize kujambula Chronique d'un été, yomwe inatuluka mu 1961.

Za ndalama ndiye zimandisowetsa mtendere. Ku France gawo la ndalama ya tikiti iliyonse ya kanema, kupitirira pang'ono 10 peresenti, limapita ku bungwe la boma la CNC, lomwe limathandiza ojambula, kuphatikizapo a timafilimu tatifupi. Kuli chikondwerero cha timafilimu totere ku Clermont-Ferrand chaka chilichonse, komwe ogula a mawayilesi a kanema amapita. Ku Ouagadougou, ku Burkina Faso, kuli chikondwerero cha mafilimu cha FESPACO kuyambira mu 1969, koma ojambula ambiri a kumadzulo kwa Africa akhala akudalirabe thumba la ku Ulaya. Ngakhale Le Franc inajambulidwa ndi thandizo lochokera ku Switzerland ndi France. Ndiye kuima paokhako kuli ndi malire ake, ndipo mwina n'chifukwa chake nthabwala imathandiza: wopereka ndalama amaseka nawo, osazindikira msanga kuti faranki yomwe ikunenedwayo ndi yake.

Palinso funso la amene akujambulidwa. Filimu ya Nicolas Philibert ya mu 2002, Être et avoir, yonena za sukulu ya kalasi imodzi kumudzi ku Auvergne, inaoneredwa ndi anthu oposa miliyoni imodzi. Mphunzitsi wa m'filimuyo, Georges Lopez, anakasuma kukhoti kufuna gawo la phindu, ndipo anagonja. Mwalamulo nkhaniyo inatha. Kwa ine sinathe, chifukwa popanda nkhope ndi mawu a bamboyo filimuyo kulibe.

Ntchito yathu yomaliza teremu ino tabwereka nzeru ya gulu la Kino, lomwe linayamba ku Montréal mu 1999: kujambula ndi zomwe uli nazo, m'masiku awiri kapena atatu, osadikira wokupatsa ndalama. Aliyense asankhe chinthu chimodzi chogwirika, filimu isapitirire mphindi zisanu. Ine ndasankha sikelo ya venda wogula soya pamsika wina wa kumudzi, ija yolendewera pamtengo wa mango. Mlimi amabwera ndi thumba lomwe kwawo analiyeza, singano ya sikelo n'kunena zina, ndipo maso a anthu awiriwo amakumana pa singanopo. Sindinaganize ngati ikhale yanthabwala kapena ya zenizeni. Ndikuona kuti ndikangoika kamera pamenepo zonse ziwiri zibwera zokha.

Vuto langa lalikulu ndi mawu. Foni imajambula chithunzi chabwino, koma pamsika pali mphepo, chigayo ndi njinga zamoto, choncho ndabwereka kamaikolofoni kokoleka pakolala. Ndiyenera kusankha woti ndimukoleke, venda kapena mlimi, chifukwa kamene ndili nako n'kamodzi. Venda wavomera kujambulidwa, koma wandifunsa kale kuti filimuyo ikakapambana kunja iye adzapezapo chiyani. Tagwirizana kuti tilemberane papepala, mlimi akhale mboni, ndisanayatse kamera.