Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chigayo cha amalume ku Chamama

Sabata yatha ndinalekezera pamene ndinalowa chaka chachitatu ku Polytechnic. Chaka chimenecho ndi chomwe tinayamba kulowa mu labu yophunzirira kayendedwe ka makina.

Mmenemo munali kachipangizo kooneka wamba: shafiti (ndodo yachitsulo yozungulira) yokhala ndi tizitsulo tinayi, chimango chake chopachikidwa pa masipuling'i, ndi kamota koizungulitsa. Aphunzitsi anati tisunthesunthe tizitsuloto mpaka shafiti iziima pena paliponse taisiya. Tinatero, n'kumati tamaliza. Atangoyatsa mota, chimango chonse chinayamba kunjenjemera ngati munthu wamalungo. Apo ndiye anatilembera pabolodi kuti chitsulo chozungulira chimakokera kunja molingana ndi kulemera kwake komanso mtunda wake kuchoka pakati, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, kukokako kumawirikiza kanayi. Tizitsulo tathu sitinkayang'anizana pamalo amodzi pa shafiti, ndiye kukoka kwake n'kumene kunkagwedeza chimango.

Patchuthi ndinapita kwathu ku Chamama. Ndinapeza amalume nkhope ili khwinya. Chigayo chawo chinali chitadya mabering'i, zitsulo zimene shafiti imazunguliramo, kawiri mwezi umodzi, simenti yapansi itang'aluka, phokoso lake lomvekera kumsika. Ena anali atayamba kale kunong'ona kuti alipo wachilodza. Paja kwathu nkhani ya chigayo sichedwa kufika kumeneko.

"Malume, mwasinthamo chiyani posachedwapa?"

"Hamala imodzi yokha mwa zophwanyira chimanga zija, mphwanga. Inali itatheratu, ndiye ndinaikamo yatsopano."

Tinamasula mahamala onse n'kukabwereka sikelo yaing'ono kugolosale. Yatsopano ija inkaposa yoyang'anizana nayo ndi magalamu 50. Amalume anapukusa mutu, amvekere kameneko n'kanthu kodi? Ndinawerengera ndi chala pa ufa umene unali mbuu pachitseko. Magalamu 50, ali masentimita 20 kuchoka pakati, akuzungulira ka 3000 pamphindi, amakoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 100. Ndinawauza kuti zili ngati matumba awiri a chimanga akugwedeza bering'i ka 50 pasekondi iliyonse, tsiku lonse. Anakhala duu, maso ali pachitsekocho.

Madzulo amenewo tinasanja mahamala awiriawiri olemera mofanana, moyang'anizana. Amalume anadzaza kapu ya madzi n'kuiika pamwamba pa chigayo, kenaka n'kuliza injini. Lamba anagwira, liwiro linakwera, ine mtima uli m'mwamba. Madzi anangochita timizere, sanatayike ngakhale dontho.

Mayi wina amene ankadikira ndi dengu lake la mphale analulutira, amalume n'kumuuza kuti athire, lero salipira.