Akamba a pachilumba cha Raine ndi mawu a eni malo

Ine ndinakulira kuno ku Chipata, kumene nyanja yamchere timangoimvera m'makutu, ndipo akamba amene ndikuwadziwa ndi fulu wa m'nthano za agogo komanso nkhasi za m'madambo a ku Luangwa. Komabe nkhani ya kachilumba ka Raine, kumpoto kwa Great Barrier Reef, mzere waukulu wa matanthwe a m'nyanja ku Australia, yakana kundichoka m'mutu.

Palibe malo ena padziko lapansi pamene akamba obiriwira a m'nyanja amasonkhana ochuluka chotere kudzaikira mazira. Kamba wamkazi amabwerera kudera limene anabadwira, nakumba dzenje mumchenga usiku, naikiramo mazira pafupifupi 100, omwe amaswa patatha miyezi iwiri. Vuto linali lakuti madzi akakwera ankamiza zisa mazira n'kuwola, ndipo akamba ambiri ankagwa pamatanthwe n'kufa chagada padzuwa. Mu 2015 boma la dera la Queensland linayamba ntchito yokweza mchenga ndi kumanga mipanda, mogwirizana ndi anthu a mitundu ya Wuthathi ndi Meriam, amene ndiwo eni chilumbacho kuyambira kale.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi lamulo la dziko la Australia lotchedwa Native Title Act la 1993, limene limalola eni malo kusaka kamba m'madera awo kuti adye pabanja kapena pamiyambo. Munthu amene sanasandutsidwe mbala pamalo a makolo ake sachita mantha kuuza wofufuza zimene waona. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, chifukwa asayansi ndiwo amabweretsa tizipangizo tomata pachigoba totsatira ulendo wa kamba kudzera pa setilaiti. Koma nyengo, mafunde ndi malo odyera akambawo, msodzi wa komweko anaziphunzira ali mwana.

Kwathu kuno njira imeneyi si yachilendo. Mu 1950 Norman Carr, wosamalira nyama zakuthengo ku Luangwa, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula gawo la dziko lawo kuti likhale la nyama, ndalama za alendo zizibwerera kwa anthu, ndipo lero tili ndi ma Community Resource Board, makomiti a anthu a m'midzi oyang'anira nyama ndi zachilengedwe. Koma nditapita kukacheza kwa amalume kufupi ndi Mfuwe, iwo anandionetsa munda umene njovu zinapondaponda, n'kundiuza njira imene zimadzera chaka chilichonse chimanga chikamakhwima. Nditawafunsa ngati ofufuza anabwerapo kudzalemba zimenezo, anangoseka nati amene amabwera amafuna munthu wowanyamulira chikwama.